Ndimuone Kaye

Liness Alufandika anali atagwira ntchito ya uzamba kwa zaka zambiri pa kachipatala kena kufupi ndi Ngala, koma Okutobala wa chaka chimenecho anamutopetsa kuposa miyezi ina yonse. Mzamba mnzake anali atasamutsidwira kuboma, ndipo wolowa m'malo mwake ankangolonjezedwa. Sikelo ya amayi oyembekezera inali yake, chipinda chochilira chinali chake, ana a katemera akachuluka ankamuitananso. Mapazi ankamutupa moti nsapato zake zoyera ankazivala moponda kuchidendene ngati masilipasi. Kunkatentha kwambiri. Kuminda ya nzimbe ankawotcha, ndipo timaphulusa takuda tinkagwera pa nsalu zoyanika kuseri kwa wodi, n'kufunika kuzitsukuluzanso.

Pamwamba pa zonsezi panabwera kafukufuku. Anabwera naye ndi Jenifer Maganizo, yemwe anaphunzira naye uzamba kalasi imodzi kalekale. Jenifer anasiya wodi n'kupita kuyunivesite, ndipo tsopano ankayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kucheza ndi amayi omwe ana awo anabadwa atamwalira kale. Ankawafunsa m'mene anasamalidwira tsiku limenelo. Zomwe anamva anadzawafotokozera azamba a m'derali pamsonkhano kuboma.

Liness anapita chifukwa anachita kuuzidwa, ndipo nthawi yambiri ankasinza. Komabe anamvako mawu a amayi ena omwe Jenifer ankabwereza osatchula mayina. Wina anati palibe anamuuza kuti mwana wamwalira, anangozindikira poona kuti aliyense wakhala chete. Wina anati mpaka lero sadziwa ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Wina anagonekedwa pakati pa anzake oyamwitsa.

Jenifer anapempha zinthu zochepa: mayi auzidwe zoona, afunsidwe ngati akufuna kumuona mwana wake, ndipo asagonekedwe pomwe makanda akulira.

Potuluka, Liness anamukokera pambali.

"Iwe Jenifer, kwathu kuja wodi ndi imodzi yokha, ukuidziwa. Ndiye chipinda chinacho ndikachitenga kuti? Komanso anthu akuno salira mtayo, mayi saona n'komwe. Ukufuna ndikayambane ndi azimayi a mudzi wonse?"

"Sindikuti ukawakakamize. Ukangomufunsa mwini wake."

"Ndikadzapeza mpata womufunsira ndidzakuuza," anatero Liness, n'kupita kukafuna minibasi.

Mpatawo unabwera wokha, tsiku la sikelo, mzere wa amayi utafika mpaka pamtengo wa mango. Dzuwa linali litakwera pomwe njinga inaima pakhomo. Wopalasa anali Tedson, mnyamata wa ku Karonga yemwe anabwera kudzadula nzimbe n'kukwatira konkuno. Malaya ake anali akuda ndi mwaye wa kumunda. Kumbuyo kunali mkazi wake, Thokozire, atagwira m'chiuno. Patapita kanthawi anafika wapansi mayi Iness, mayi ake aakulu a Thokozire omwe anamulera amayi ake atamwalira, atasenza beseni la zitenje.

Liness ankamudziwa Thokozire. Inali mimba yake yoyamba, ndipo sankajomba kusikelo. Ankagulitsa usipa wouma pamsewu, ndipo ankakonda kuseka akakwera pasikelo, ati nambala ikumunamizira. Masiku apitawo anadwala malungo, anamwa mankhwala, anachira.

Liness anawauza amayi a pamzere kuti adikire, n'kumulowetsa m'chipinda chochilira. Ululu wa pobereka unali utayamba kalekale. Anamugoneka, anaika chomvetsera pamimba, anatchera khutu. Anasuntha, anamvetseranso. Anatenga kachipangizo ka mabatire, anapaka mafuta, anafufuza mbali zonse. Chomwe chinkamveka ndi mtima wa mayi wokha.

"A Thokozire, mwana anasewera komaliza liti?"

"Dzana. Dzulo sindinamumve."

"Tinati wangogona," anatero mayi Iness. "Mwana akayandikira kubadwa amachepetsa kusewera."

Liness anapukuta mafuta aja pang'onopang'ono. Mayi Iness anamuyang'ana kumaso n'kuzindikira. Anamukoka mkono mpaka pachitseko.

"Anesi, zilizonse zomwe mwapeza tiuzeni ife," ananong'ona. "Uyu musamuuze. Afooka, alephera kukankha. Achire kaye."

Liness anaona kuti mawuwo anali ndi nzeru yake. Inalinso njira yapafupi: kungoti tiona, kugwira ntchito mwakachetechete, n'kubwerera kumzere. Msana unkamupweteka, ndipo kuyambira m'mawa anali atangomwa tiyi wopanda chomwera. Koma atatembenuka anapeza Thokozire akumuyang'anitsitsa.

"Anesi, simukumumva eti?"

Liness anakoka kampando, anakhala pafupi ndi bedi kuti nkhope zawo zilingane, anamugwira dzanja.

"Sindikumumva. Ndafufuza ndi zipangizo zonse ziwiri. Pepani kwambiri, mwana wanu wamwalira m'mimba."

Thokozire sanakuwe. Anangotseka maso, misozi n'kutsikira m'makutu. Kenako ululu unabweranso, anafinya dzanja la Liness mpaka zala zinachita dzanzi.

"Ndalakwitsa chiyani?" anafunsa ululu utapita. "Mankhwala onse ndinamwa. Neti ndimagonamo."

"Palibe chomwe mwalakwitsa. Nthawi zina malungo amachita zimenezi ngakhale munthu atachira, nthawi zina chifukwa chake sitichipeza. Sindikunamizani kuti ndikudziwa. Koma inu munachita zonse zomwe tinakuuzani."

Anaimba foni kufunsa ambulansi. Anamuuza kuti yapita kukatenga wodwala wina kutali, ibwera ikabwerako. Atamuyeza Thokozire anapeza kuti njira yatseguka kale, mutu watsika. Panalibe zodikira. Anamuika dilipi, anakonza zipangizo, anavala magolovesi.

"Tichira pompano," anatero. "Ine sindichoka. Mayi, khalani kumutuku, muzimupukuta thukuta."

Mayi Iness anali atakwiya, zinkaoneka pamilomo, koma anakhala pomwe anauzidwa. Anamuyika Thokozire mutu pachifuwa n'kumamusisita tsitsi. Kunja amayi a sikelo anayamba kung'ung'udza. Wina anagogoda kufunsa ngati apite kwawo. Liness anayankha ali mkati momwemo kuti ofulumira apite, adzabwere mawa.

Kukankha kunatenga nthawi. Kawiri konse Thokozire anati sangathe, palibe chomwe akukankhira. Liness sanamukalipire. Anamuuza kuti akukankhira moyo wake, ndiponso kuti mwanayo ngakhale wapita akufunika kutuluka bwino, ndipo palibe wina angamutulutse koma mayi wake. Anamumwetsa madzi pang'ono. Anawerengera naye mpweya. Thukuta la Liness linkadontha kuchokera pachibwano.

Mwana anabadwa dzuwa lili paliwombo. Anali wamkazi. M'chipindamo munangomveka malata akuthetheka ndi kutentha.

Liness anadula mchombo, anamubaya Thokozire jakisoni woletsa kutaya magazi, anatulutsa zotsalira, anasisita mimba mpaka chiberekero chinalimba. Pomwe ankachita zimenezi, mayi Iness anali atatulutsa kale chitenje chakale m'beseni. Anayandikira kathebulo komwe panali mwana, ataimirira motchinga kuti Thokozire asaone.

"Ndimuone kaye," anatero Thokozire.

"Saona," anayankha mayi Iness osatembenuka. "Gona."

"Amayi, ndimuone."

"Ndati saona. Ukamuona mtima wako utsalira pa iyeyu, mimba ina sidzakhala. Ine ndinataya awiri, sindinawaone, ndipo ndinabereka ena omwe ali ndi mabanja awo lero. Ukuganiza kuti ndikukuchitira nkhanza?"

Liness anavula magolovesi, anavala ena. Anadziwa kuti mayiwa sakunama ndipo sakudana ndi mwana wawo. Anadziwanso kuti mawa adzakumana nawo pamsika, pamaliro, pachitsime, ndipo azimayi a mudzi wawo adzamva nkhaniyi lisanalowe dzuwa.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "mwambo wanu sindikuuletsa. Mukamutenga mukachita zonse monga mwa kwanu, ine sindilowererapo. Koma uyu wamunyamula miyezi yonseyi, ndipo wapempha yekha. Ine sindinamuuze kuti apemphe. Akanati sakufuna, bwenzi nditakupatsani kale."

"Akadzavutika mudzakhalapo inu?"

"Ndili pompano masiku onse. Mudzabwere naye."

Mayi Iness anaponya chitenje chija pabedi, anapita pawindo, anafulatira.

Liness anabwerera kwa Thokozire. "Ndikuuzeni kaye m'mene alili, kuti musadzidzimuke. Ndi mtsikana. Ziwalo zonse zilipo, ndi wokongola. Koma popeza wakhala masiku angapo, khungu lasupuka pang'ono pamimba ndi pamwendo, ndipo milomo yada. Sakutentha ngati mwana wamoyo. Mukufunabe?"

"Ndikufuna."

"Munamukonzera chovala?"

"Muli kachipewa m'besenimo. Kachikasu. Ndi chitenje chatsopano."

Liness anatenga madzi ofunda, anamupukuta mwanayo nkhope ndi tsitsi mosamala, monga ankachitira ndi khanda lililonse. Anamuveka kachipewako, anamukulunga m'chitenje chatsopano, n'kumuika m'manja mwa mayi wake.

Thokozire anamuyang'ana nthawi yaitali. Anatulutsa kadzanja m'nsalu, anakatambasula, anaona tizikhadabo. Anakweza kachipewa n'kuona makutu.

"Makutu a bambo ake," anatero, ndipo anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka kulira. Analira motsitsa, atagunditsa chipumi chake pa chipumi cha mwana. "Lughano. Bambo ako anati ukadzakhala mtsikana ndiwe Lughano."

Mayi Iness anakhala pawindo paja mpaka kulira kunachepa. Kenako anabwera pang'onopang'ono, ngati akudzatenga chitenje chomwe anaponya. Anaima pambali pa bedi, anayang'ana.

"Mphuno iyi ndi ya malemu mayi ako," anatero.

Liness anatuluka kukamuuza Tedson. Anamupeza ataima pamthunzi, atagwirabe njinga ngati wangofika kumene. Amayi a pamzere anasiya kulankhula atamuona akudutsa. Anamutengera kuseri kwa nyumba, kuti asamve uthenga wake anthu akumuonerera.

"Bambo, akazi anu achira ndipo ali bwino. Koma mwana wabadwa atamwalira kale. Pepani."

Tedson anatsamiritsa njinga pakhoma. Inagwa, sanaidzutse.

"Iyeyo ali bwino ndithu? Magazi?"

"Magazi asiya. Ndikumuyang'anira."

"Mwanayo ndi wamkazi kapena wamwamuna?"

"Wamkazi. Amutcha Lughano. Ngati mukufuna kumuona ndikhoza kukulowetsani."

Tedson anayang'ana manja ake akuda ndi mwaye. Anapukusa mutu. "Ayi, anesi. Sindingathe. Ndidzangomuona Thokozire mwanayo akatengedwa."

"Palibe vuto. Ndidzakuitanani."

Pobwerera anapeza galimoto itaima pageti ndipo Jenifer akutsika ndi chikwama chake cha kafukufuku. Ankayendera zipatala zing'onozing'ono kuona ngati zomwe anakambirana kumsonkhano zikutheka. Anamuyang'ana Liness kumaso, anayang'ana mzere, sanafunse za kafukufuku.

"Chachitika n'chiyani?"

"Zako zija," anatero Liness. "Ndilibe mphamvu zofotokozera. Ngati ukukumbukirabe kuyeza mimba, anthu awa adikira kuyambira m'mawa."

Jenifer anaika chikwama pansi pa thebulo, anasamba m'manja, anaitana woyamba.

Oyendetsa ambulansi anaimba kuti akubwera. Liness anamuyezanso Thokozire, anapeza kuthamanga kwa magazi kuli bwino ndipo thupi silikutentha, n'kuwauza kuti apite kwa wina wofunika kwambiri. Azimayi awiri a kumudzi anafika, omwe mayi Iness anawatumizira uthenga. Inakwana nthawi yomutenga mwana. Liness anamufunsa Thokozire ngati wakonzeka. Iye anati ayi, kenako anati eya, anamupsompsona pachipewa n'kumupereka yekha m'manja mwa mayi ake aakulu. Mayi Iness sanamusinthe chitenje. Anatuluka naye m'chatsopano chomwecho.

Panatsala nkhani ya pogona. Mu wodi munali amayi omwe anachira dzulo lake, makanda ali pamawere. Chipinda china kunalibe, kupatula kachipinda kosungiramo makatoni a magolovesi ndi madilipi, momwe Liness anaikamo matiresi ake opumulirapo akapeza mpata. Anaima pakhomo la kachipindako n'kuyang'ana matiresiwo. Thupi lonse linkawafuna. Anayamba kutulutsa makatoni.

Jenifer atamaliza sikelo anabwera kudzathandiza. Anaunjika makatoni m'khonde, anasesa, anayala nsalu yoyera. Anamugwira Thokozire uku ndi uku mpaka anamugoneka. Tedson analowa, anakhala pansi pafupi ndi matiresi, anamugwira mkazi wake phazi. Liness anakoka chitseko.

Masana omwewo kunabwera mayi wina, wa mimba yachinayi, yemwe anachira asanamalize n'komwe kuvula nsapato. Mwana wake analira mokweza, mawu amphamvu odzaza nyumba yonse. Khoma la kachipinda kaja silinkafika kudenga. Liness ankadziwa kuti Thokozire akumva, ndipo panalibe chomwe akanachita. Anamuyamikira mayi uja, anamuika mwana pachifuwa, anamwetulira monga zinkayenera, chifukwa nayenso linali tsiku lake.

Atamaliza anakakhala pa katoni m'khonde, anavula nsapato. Jenifer anamupatsa botolo la madzi ndi chinangwa chophika chomwe anagula pamsewu.

"Unamufunsa?" anatero Jenifer.

"Anapempha yekha. Ine ndinangokana kumubisira."

"Ndiye ukuona bwanji?"

"Sindikudziwa. Mayi ake aakulu sandilankhulanso, ndikudziwa. Bambo wa mwanayo anakana kumuona, ndipo mwina iyeyo ndiye wachita bwino. Usandilembe kuti zatheka, Jenifer. Ulembe kuti mzamba anali m'modzi, amayi a sikelo anakhala ndi njala mpaka masana, ndipo munthu wagona mosungira makatoni."

"Ndilemba zonsezo."

"Ulembenso kuti zimatenga nthawi. Kumuuza munthu bwinobwino kumatenga nthawi. Anthu a m'maofesi amaganiza kuti chifundo n'chaulere."

Jenifer anagwedeza mutu. Liness anatafuna chinangwa chija osamva kukoma kwake.

Thokozire anatuluka m'mawa mwake. Liness anamufotokozera kuti mawere adzadzaza mkaka ngakhale mwana palibe, anamuonetsa momangira nsalu pachifuwa, anamupatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi owonjezera magazi. Anamuuza zizindikiro zoti akaziona abwere msanga. Mayi Iness anabwera kudzamutenga. Anatola beseni, anamuthandiza kukwera njinga, ndipo kwa Liness anangoti, "Tapita," osamuyang'ana.

Nkhani inayenda m'mudzi monga Liness ankayembekezera. Ena ankati nesi wa pachipatala akuphwanya miyambo. Mayi wina woyembekezera anasiya kubwera kusikelo, mpaka Liness anachita kumutumizira uthenga kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo. Pamsika mayi Iness ankamudutsa ngati sakumudziwa.

Mvula yoyamba itagwa, Thokozire anabwera kudzayezedwa. Anabwera yekha, wapansi. Anali ataonda, ndipo atakwera pasikelo sananene kanthu. Liness anamuyeza magazi, anamuyang'ana m'maso ndi m'manja, anamufunsa ngati akudya komanso ngati tulo tikubwera.

"Masiku ena," anatero Thokozire. "Ndayambanso kupita pamsewu ndi usipa. Kunyumba kumatalika."

"Nanga amayi?"

"Sanena za mwana uja. Koma sandiletsa kumutchula dzina. Tedson ndiye amatuluka panja ndikamutchula. Tsiku lina kudambo mayi wina wamkulu anandifunsa kuti ankaoneka bwanji. Ndinamuuza. Anati wake sanamuone, zaka zambiri zapitazo. Anangomvetsera, n'kupitiriza kuchapa."

Liness anali akumasula lamba woyezera magazi pamkono pake.

"Anesi, ndingadzatengenso mimba liti?"

"Thupi lipume kaye. Magazi anu akadali ochepa. Mubwere ndi bambo tsiku lomwe sakupita kumunda, tidzakambirane tonse atatu. Ndipo mukadzatenga, mudzabwere mwezi woyamba womwewo, tidzakuyang'anireni pafupipafupi."

Thokozire anamanga mankhwala ake pakona ya chitenje n'kuimirira. Atafika pachitseko anaima. Kunja pabenchi kunali amayi oyembekezera, akuseka nkhani zawo, ena akusisita mimba.

"Tiyeni kuno," anatero Liness.

Anamutulutsira khomo la kumbuyo, anadutsa naye pakati pa zingwe zoyanikira, mpaka pomwe mpanda unathyoka ndipo kanjira kamalowera m'munda wa chinangwa. Nthaka inali yonyowa. Thokozire anawerama pang'ono kutsanzika, anadutsa pampatapo. Liness anamuyang'ana mpaka chinangwa chinamubisa, kenako anabwerera mkati, anasamba m'manja, anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kuitana wotsatira.